Mphasa Yanga ya ku Kamwala

Uthenga woti mwana wanga wachira unandipeza ndili m'munda kwathu ku Chikomeni, ndikukumba mtedza. Anaimba foni si mwanayo kapena mwamuna wake, koma mng'ono wanga wa ku Lusaka.

"Akulu, ndakhala gogo!" anatero, mawu ali m'mwamba. "Mwana wamkazi, wonenepa bwino. Ndinali pomwepo, ndine ndinayamba kumunyamula."

Ndinayankha kuti yewo, Mulungu ngwabwino, ndipo ndinaseka mokweza kuti amve pa foni kuti ndakondwa. Atadula ndinakhala pansi pakati pa mizere, khasu lili pamiyendo. Iye wakhala gogo. Nanga ine ndakhala chiyani?

Mwana wangayu ndi wachiwiri kubadwa, ndipo ndi yekhayo wamkazi mwa ana anga anayi. Bambo wake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mng'ono wanga, amene ankagwira ntchito mu ofesi ku Lusaka, anabwera ku maliro, ndipo tsiku loti abwerere anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundipempha kuti ndimupatse mtsikanayo akaphunzire m'tauni. Iye analibe mwana, ndipo banja lake linatha pa chifukwa chomwecho patapita zaka zochepa. Abale a malemu anavomera. Inenso ndinavomera, poti sukulu inali kutali ndipo ndinali ndi ana aamuna atatu oti ndiwadyetse ndekha. Tinapangana kuti azibwera pa tchuthi chilichonse. Zaka ziwiri zoyamba ankabweradi. Kenako kunayamba maphunziro apadera, kenako mayeso, kenako koleji. Chitumbuka chake chinayamba kumuthawa. Mng'ono wanga anasanduka mami, ine ndinatsala amama a kumudzi, oimbiridwa foni pa Khirisimasi.

Ndinatenga masiku angapo ndikukonzeka. Ndinaswa mtedza woyamba kuuma mpaka theka la thumba, ndinamanga ufa woyera ndi mfutso wa nkhwani, ndipo pa msika wa ku Lundazi ndinagula chitenje chatsopano choberekera mwana. Basi inanyamuka kusanache, tinadutsa pa Chipata dzuwa litakwera pang'ono, ndipo njira yonse ndinkangoganiza chinthu chimodzi: kusambitsa khanda ndi kuthowa mayi wake ndi madzi otentha. Kwathu imeneyo ndi ntchito ya mayi wobereka. Amama anandichitira ine pa ana onse anayi. Ndinkadziuza kuti sukulu, madiresi ndi Chingelezi ndinalephera kumupatsa mwana wanga, koma ichi chokha palibe angandilande, chifukwa mng'ono wanga sanagwirepo khanda la masiku asanu chibadwire.

Mpongozi wanga, mwamuna wa mwana wangayo, anadzandichingamira pa siteshoni dzuwa litapendeka. Ndi munthu waulemu, wosalankhulalankhula. Ananditengera ku Kabwata, kumene ankakhala m'nyumba zosanja, pamwamba. Nyumba yake inali ya chipinda chimodzi chogona, balaza, ndi kakhitchini koti anthu awiri sangapatukirane. Anatsegula chitseko ndi mng'ono wanga, khanda lili paphewa.

"Monire, akulu! Mwayenda uli?"

Ndinatambasula manja kuti ndilandire mwana. Iye anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Yambani mwasamba m'manja, mwachoka m'basi. Sopo ali apo."

Sanalakwe. Ndinasamba. Koma pamene ndinkasamba ndinaona matiresi ake atatsamiritsidwa kukhoma la pabalaza, chikwama chake cha zovala chili pakona, nsapato zake zili pamzere pafupi ndi chitseko. Anali atasamukiramo kale mwana asanabadwe.

Mwana wanga anali chigonere kuchipinda. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amama, mwafikadi," ndipo maso ake anadzaza misozi. Mng'ono wanga anaika khanda m'manja mwanga. Linali ndi mphuno ya malemu bambo a ana anga. Ndinalinyamula mwina kwa mphindi zisanu, kenako kunabwera alendo, amayi awiri a ku tchalitchi cha mpongozi wanga, ndipo mng'ono wanga analitenga kuti akawaonetse. Nditatuluka kukawapatsa moni, iye anati, "Awa ni akulu anga, achoka ku Lundazi."

"Oo, ndiye ni amai akulu," anatero mmodzi wa alendowo, akundigwira chanza. "Mwachita bwino kubwela kuzathandiza ambuya apa." Ananena akuloza mng'ono wanga, kumuyesa gogo wa khandalo.

Ndinadikira kuti wina akonze mawuwo. Mpongozi wanga anali kukhitchini, mwana wanga kuchipinda. Mng'ono wanga anamva bwinobwino, koma anangoweramira khanda n'kumalikonza chipewa.

Za kogona anali atakonza kale popanda kundifunsa. Pabalazapo sipakanakwana matiresi awiri, choncho ine ndinayenera kukagona kunyumba ya mng'ono wanga ku Chelstone, imene inali yopanda munthu. Anandipatsa makiyi. Ufa ndi mfutso anazilandira, koma mtedza anati ndipite nawo komweko, poti pano panalibe pouika ndipo ukanaitana mphemvu. Mpongozi wanga anakanditula ndi galimoto, ine ndi thumba langa la mtedza.

Nyumba imeneyo ndinali nditaiona kamodzi kokha, pa ukwati wa mwanayu, ili yodzaza anthu. Tsopano ndinaiona ili phee. Zipinda zitatu, bafa la madzi otentha otuluka pampopi, firiji yaitali kuposa ine. Izi sizinandiwawe kwenikweni, ndinazizolowera kalekale kuti mng'ono wanga ali ndi zinthu. Chimene chinandiwawa ndinachiona m'mawa kutayera, pakhoma la pabalaza. Panali zithunzi za mwana wanga kuyambira ali wamng'ono: atavala yunifomu yoyamba, mano akutsogolo ataguluka, akudula keke, atavala mkanjo wa pomaliza maphunziro, atavala velo. Pa chithunzi chilichonse mng'ono wanga ali pambali pake, dzanja lili paphewa. Ndinayenda khoma lonse kawiri kufunafuna nkhope yanga. Ndinaipeza pa chithunzi chimodzi cha ukwati, kumapeto kwa mzere, theka la nkhope litabisika ndi duku la munthu wina. Mano aja anaguluka ine kulibe. Sindidziwa ngakhale amene anawataya padenga, ngati anawataya n'komwe.

Kuchoka ku Chelstone kukafika ku Kabwata kunali kukwera maminibasi awiri, ndipo m'mawa msewu unkadzaza moti galimoto zinkayenda ngati ng'ombe zotopa. Ndinasokeranso posinthira. Pamene ndinkagogoda, dzuwa linali litakwera kale. Khanda linali litasamba, lapakidwa mafuta, lagona. Mwana wanga anali atathowedwa, akumwa phala.

"Mukanapuma lero, akulu," anatero mng'ono wanga. "Zonse tachita kale."

Pomwepo ndinanama. Ndinati dzulo m'basi ndinakumana ndi mnzanga wa kutchalitchi kwathu amene ali ndi mchemwali wake pafupi pompano, ndipo andiitana kuti ndizikagona kumeneko. Ndinati ku Chelstone n'kutali, maondo anga sakufuna maminibasi. Mng'ono wanga anandiyang'ana nthawi yaitali koma sanatsutse. Ndinabwerera ku Chelstone masana omwewo, ndinatenga chikwama changa, ndinasenza thumba la mtedza, ndinakiya nyumba. Mtedzawo ndikanatha kuusiya. Koma mumtima ndinati, ngati aukana ku Kabwata, sudzadyedwanso ku Chelstone.

Choncho ndinayamba kuyenda m'misewu ya Lusaka, mayi wa zaka zoposa makumi asanu, thumba pamutu, kufunafuna kogona mumzinda mmene ndinali ndi mwana, mpongozi, mdzukulu ndi mng'ono.

Malo oyamba anali ndi mpanda wopakidwa utoto ndi maluwa pakhomo. Mtsikana wa pa tebulo anayang'ana thumba langa asanayang'ane ine. Atatchula mtengo ndinayesa ndi wa mlungu wonse. Unali wa usiku umodzi, ndipo kwathu ukanagula thumba la chimanga. Ndinathokoza n'kutuluka.

Malo achiwiri anandilozera ndi bambo wina wosoka nsapato m'mbali mwa msewu, amene anati kumeneko n'kotchipa. Anali kuseri kwa bala, makomo ali pamzere ngati makalasi a sukulu. Bambo wa pamenepo anandifunsa kuti, "Mufuna ya shoti taimu olo mpaka mailo?" Sindinamve. Ndinati ndikufuna masiku asanu ndi awiri kapena kupitirira. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Nthawi yomweyo chitseko china chinatseguka, munatuluka bambo wa tayi, ndipo patapita kanthawi munatulukanso mtsikana akukonza tsitsi, aliyense n'kulowera kwake. Apo ndinamvetsa kuti ankandifunsa ngati ndikufuna chipinda cha kanthawi kochepa kapena mpaka mawa. Ndinasenza thumba langa mofulumira moti linatsala pang'ono kundigwetsa.

Kenako ndinaganiza za tchalitchi. Ndinapeza cha mpingo wathu womwe, ndipo woyang'anira pamalopo anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anati chipinda cha alendo chilipo, koma pamafunika kalata yochokera kwa abusa a kwathu. Anandifunsanso ngati ndilibe abale m'tauni. Ndinati alipo koma nyumba ndi yaing'ono. Anati, "Ngakhale pansi chabe, amai, abale ni abale." Ndinamwa madzi aja n'kutsanzika.

Ndinayenda mpaka ndinapezeka ku Kamwala, kumene kuli masitolo ambiri a nsalu ndi ziwiya. Khosi linali litauma. Ndinatula thumba pansi pa khonde la sitolo ina yotseka n'kukhalapo. Ndikunena zoona, makiyi a ku Chelstone anali m'chikwama, ndipo ndinayamba kuwaganizira. Ndinkaona mng'ono wanga pa nthawi yomweyo atakhala pa sofa, mdzukulu wanga ali pachifuwa pake, akuonera TV, ine ndili pakhonde la eni ake mapazi atatuwa ndi fumbi.

Pafupi nane panali mayi wina wonenepa, wogulitsa chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga. Thumba langa linali litabooka pakona, ndipo njere zingapo zinagwa. Anatola imodzi, anaiyang'ana, n'kuiluma.

"Chalimbana ameneyu," anatero. "Wachokera kuti?"

Kalankhulidwe kake sikanali ka ku Lusaka. Ndinati wa ku Lundazi, ndalima ndekha.

"Aa, ndiye ndinu anansi athu. Ine kwathu ndi ku Kasungu, kufupi ndi malire. Mukugulitsa bwanji?"

Ndinati sindikugulitsa, ndikufuna kogona. Sanandifunse za abale. Anandiuza kuti anakwatiwa ku Lusaka kalekale, mwamuna anamwalira n'kumusiyira kanyumba kuseri kwa masitolo, ndipo chipinda chakumbuyo amagonekamo amayi a kum'mawa obwera kudzaoda zitenje ndi ziwiya. Mtengo wa usiku umodzi unali wochepa kuposa zimene ndinalipira maminibasi tsiku limenelo. Ndipo anati ngati ndikufuna, ndizimupatsa kabeseni ka mtedza m'malo mwa ndalama, poti wogula m'tauni ndi wachabechabe, theka lake ndi wofumbwa.

Ndinamudikira mpaka anamaliza chinangwa chake, ndipo tinapita limodzi, iye atasenza mbaula, ine thumba. Chipindacho chinali cha simenti yosweka, zenera limodzi lotsekedwa ndi thabwa mbali ina. Munali mphasa zinayi zopinda ndi mitolo ya katundu wa amalonda yosanjikizana mpaka kudenga. Madzi tinkatunga pampopi wa panja pamodzi ndi mabanja ena atatu, chimbudzinso chinali chimodzi. Malamulo anali atatu: osalowetsa mwamuna, osaphikira m'kati, osagwira mtolo wa mnzako. Ndinapezamo amayi awiri a ku Petauke, amene ananyamuka mawa lake, n'kubwera ena. Kunkazizira, poti mwezi wa Meyi unali kumapeto, ndipo mphepo inkalowera pansi pa chitseko. Koma kuchoka pamenepo kukafika ku Kabwata unali ulendo wa pansi, wosakwana ola. Ndinayala mphasa yanga ndi mtima wa munthu amene wapambana mlandu.

M'mawa mwake ndinafika ku Kabwata ana asukulu akungotuluka m'nyumba. Ndinapeza khanda litasamba kale. Tsiku lotsatira ndinalawira kwambiri, ndipo ndinapeza mng'ono wanga akulipukuta. Ndinaima pakhomo n'kumayang'ana manja ake. Ankagwira khosi bwino, ankapukuta m'makwinya mwa miyendo, pamchombo ankasamala. Ndinkafuna ndione cholakwika, ngakhale chimodzi, koma sindinachione. Mwana wanga anandiuza kuti mami anaphunzira kwa anamwino a kuchipatala ndipo ankaonera pa foni miyezi yonse ya pakati. Ndiye kuti chimene ine ndinachiphunzira pa thupi langa kanayi, iye anachitola pa foni.

Tsiku lachitatu ndinanyamuka tambala atangolira kachiwiri. Ndinakhala pa masitepe a nyumba yosanja ija kum'mawa kukufiira, nditafunda chitenje, mpaka mpongozi wanga anatsegula chitseko kuti azipita kuntchito. Anadzidzimuka.

"Amama, mwafika nthawi yanji? Bwanji osagogoda?"

Ndinati ndangofika kumene. Nditalowa ndinamva madzi akuthiridwa kubafa: mng'ono wanga ankasamba. Ketulo inali itawira kale. Sindinafunse munthu. Ndinatenga beseni, ndinasakaniza madzi, ndinawayesa ndi chigongono, ndinakhala pansi miyendo chitambasulire, n'kumutenga mdzukulu wanga. Analira pang'ono, kenako madzi atamufika pamsana anangoti zii, maso ali pa ine. Ndinamuwongola timanja ndi timiyendo, ndinamusisita mutu monga amama ankachitira, ndikuimba kanyimbo ka Chitumbuka kamene ndinali nditakaiwala kuti ndimakadziwa. Mwana wanga anadzuka pabedi n'kudzakhala pambali panga.

"Amama, inenso munkandisambitsa choncho?"

"Chonchi kumene. Koma iwe unali wolira, mudzi wonse unkadziwa kuti ukusamba."

Anaseka, n'kutsamira mutu paphewa langa. Mng'ono wanga anatipeza tili choncho. Anaima pakhomo thaulo lili kumutu. Anapita kukatenga botolo la mafuta a mwana, analiika pafupi ndi mwendo wanga, n'kulowa kukhitchini. Tsiku lonse analankhula mawu ochepa, ndipo ine ndinadya bwino kuposa masiku onse.

Bodza langa linakhala masiku asanu. Mng'ono wanga anali atayamba kufunsa: mnzanu uja dzina lake ndani, mchemwali wake amagwira kuti, nanga bwanji zovala zanu zikununkha utsi wa makala. Tsiku lachisanu masana anati akupita kumsika ndi galimoto, ndipo andiperekeza kuti akawathokoze anthu amene akusunga mkulu wake. Ndinakana kawiri. Kachitatu anali atatenga kale chikwama changa n'kutsika nacho.

Galimoto tinaisiya pamsewu poti kunjira ya kunyumbako sikanalowa. Anayenda pambuyo panga, akulumpha timadzi ta sopo toyenderera pakati pa nyumba. Mwini nyumba anali asanaweruke, amalonda anali ku masitolo. Ndinatsegula chitseko. Anayang'ana mitolo, zenera la thabwa, mphasa yanga, thumba la mtedza limene linali litatsika kufika pansi. Atayamba kulankhula analankhula Chitumbuka chokhachokha, chimene sindinamumve akulankhula chotero kwa zaka zambiri.

"Akulu, mwandichititsa manyazi. Nyumba yonse ija ili chabe, inu mukugona pa simenti ngati munthu wopanda abale. Anthu akamva adzati chiyani za ine?"

"Adzati uli ndi nyumba yabwino. Ndaiona. Ndaonanso khoma lako. Pali aliyense, ine palibe."

"Munanditumizirapo chithunzi chanu chiti choti ndipachike?"

Zinali zoona, sindinatumizepo. Choncho ndinanena chimene chinali pansi pa zonse.

"Unanditengera mwana."

"Munandipatsa."

"Ndinakupatsa kuti akaphunzire. Sindinakupatse kuti anthu azinditcha amayi aakulu pamaso pa mdzukulu wanga, iwe uli chete."

Anakhala pa mtolo wa zitenje za eni ake. Ndinafuna kumuuza za lamulo la mitolo, koma iye anayamba kulankhula.

"Ndinamva, ndipo ndinakhala chete dala," anatero. "Ndikuuzeni chifukwa chake? Tsiku lija kuchipatala ndinali naye kuyambira m'mawa. Ndinamugwira dzanja, ndinamupukuta thukuta. Ululu utafika penipeni anayamba kukuwa. Sanaitane mami ngakhale kamodzi. Ankangoti amama, amama, ndafwa ine amama, m'Chitumbuka chimene ndinkayesa anaiwala. Anamwino ankandiuza kuti, muyankheni, akuitana inu. Ine ndinkadziwa amene akumuitana. Zaka makumi awiri, akulu. Malungo ake onse, chikuku, mayeso, anyamata omuvutitsa, zonse ndinali ine. Koma pamenepo ankafuna inu. Sindinafune kuti mudziwe."

Munthu wabwino akanamva chisoni. Chisonicho chinabwera, koma mochedwa, nditabwerera kale kumudzi. Pa nthawiyo chimene ndinamva chinali kukoma, ngati ndatafuna nzimbe. Ndinafuna andibwerezere, anene kuti anaitana kangati, mokweza bwanji. Ndinaweramitsa nkhope kuti asaone, ndipo ndinapita kukamutungira madzi pampopi.

Tili choncho mwini nyumba anafika ndi mbaula yake. Ndinati uyu ndi mng'ono wanga. Ndinkayembekeza kuti mng'ono wangayo apereka moni wa pamwamba n'kunyamuka. M'malo mwake anapukuta maso, anavula nsapato, n'kukhala pamphasa panja pamene mayi uja ankasankha mtedza wokazinga mawa. Anayamba kuthandiza, zala zikuthamanga ngati sanachokepo kumudzi. Anafunsa za ku Kasungu, anasimba mmene ine ndi iye tinkabera mtedza wosakhwima m'munda mwa atate, mmene ine ndinkamutuma iye kuti akakwapulidwe yekha. Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola. Mng'ono wanga atapita, mayi uja anandiuza kuti, "Koma mng'ono wanu ndi munthu womasuka. Inu masiku onsewa simunandiseketsepo chonchi." Ndinalowa m'chipinda. Malo amene ndinawapeza ndekha, ndi mapazi anga, iye anangokhalapo ola limodzi n'kukhala wokondedwa.

Ku Chelstone sindinabwerere, ndipo iye sanandikakamizenso. Makiyi ndinamubwezera. Mawa lake anabweretsa bulangete lochindikala ndi pilo, n'kundiuza kuti kuyambira tsopano kusambitsa kwa m'mawa ndi kwanga, iye azichita kwa madzulo. Ndinakondwa, mpaka pamene ndinamva kwa mpongozi wanga kuti tchuthi chake cha kuntchito chinali chitatha, ndipo m'mawa sakanakhalapo ngakhale akanafuna. Komabe masiku anayi amene ananditsalira ndinawagwiritsa ntchito. Ndinkasambitsa khanda, ndinkathowa mwana wanga, ndinkamuphikira mfutso wotendera ndi mtedza umene unatsala. Ankadya mpaka kunyambita zala, ndipo ankandifunsa mawu a Chitumbuka amene anamuthawa. Za ku Kamwala anamva kwa mami wake. Anandidandaulira kuti ndikananena, akanapeza njira. Ndinamuuza kuti ndikugona bwino, ndipo sikunali kunama kwenikweni.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, mwana wanga ndi mwamuna wake anatikhazika pansi tonse kuti atiuze dzina la mwana. Anali atamupatsa mayina awiri. Loyamba linali la amayi a mpongozi wanga, amene anamwalira. Lachiwiri linali la mng'ono wanga. Mng'ono wanga anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Ine ndinaomba m'manja ndi kululutira, poti ndi zimene munthu amachita. Mwana wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wotsatira adzakhala wanu, amama." Ndinati palibe kanthu, dzina ndi dzina. M'basi yobwerera sindinadye chilichonse mpaka pa mlatho wa Luangwa.

Kuchokera nthawi imeneyo ndapitako kawiri ku Lusaka. Maulendo onse awiri ndinafikira kwa mayi wa ku Kasungu uja, ngakhale kuti mwana wanga anasamukira m'nyumba yokulirapo, ya chipinda cha alendo. Ndimawauza kuti ndinazolowera, ndiponso kuti ndimaodako zitenje zodzagulitsa kuno, zimene ndi zoona, poti amalonda aja anandiphunzitsa. Chifukwa china sindichinena: m'chipinda cha alendocho muli kale zovala za mng'ono wanga, amene amagonako Loweruka lililonse.

Ulendo womaliza mdzukulu wanga anali atayamba kuyenda. Tsiku lina anapunthwa pakhonde n'kugwa chafufumimba. Ine ndinali pafupi, ndinatambasula manja. Anadzuka akulira, anandilambalala, n'kukagwera pamiyendo ya mng'ono wanga amene anali kutsidya kwa balaza. Mng'ono wanga anamunyamula, anandiyang'ana, kenako anabwera kudzamuika pamiyendo panga akuliralira. Mwanayo anakhalapo pang'ono, akundiyang'ana ngati mlendo, n'kutsetsereka kubwerera komwe anachoka.

Ndisananyamuke ndinapempha mpongozi wanga kuti mwanayo akadzasiya kuyamwa adzabwere ku Chikomeni, adzakhale nane ngakhale mwezi umodzi, yekha, popanda womuperekeza wotsalira. Anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana pansi, ndipo anati adzaona. Ndawafunsanso kawiri pa foni. Akuti akuonabe.